Njinga ya Vincent Italeka Kusokosera

Njinga yamoto ya Vincent inkamveka isanaoneke. Ikangowoloka kamlatho ka matabwa, uko kumene minda ya fodya imakumana ndi msewu wochokera ku Kaluluma, mudzi wonse unkadziwa kuti mwini wake ali m'njira. Ekizozi yake idabooka chaka chomwe adaigula, pamalo pamene paipi imagwirana ndi injini, ndipo kuyambira pamenepo inkalira ngati chigayo chogaya miyala. Agalu ankaithamangitsa mpaka malilime panja. Anthu ankaseka, ena n'kumuuza kuti akaikonzetse, koma Vincent ankangoyankha kuti njinga yoyenda mwakachetechete ndi ya munthu wakuba.

Amene sankaseka nawo anali mkazi wake, Lusiya. Iye phokosolo ankalitchera khutu tsiku ndi tsiku, pakuti ndilo linkamuuza nthawi yothamanga.

Lusiya kwawo kunali kwa Mwase, kufupi ndi Boma. Vincent adamutengera ku Simlemba atapereka ng'ombe, monga amachitira a kwawo, ndipo amayi a m'mudzimo ankati mtsikanayo ali ndi mphumi. Sankanama. Vincent mowa sankaulawa, kumenya mkazi sankakudziwa. Fodya wake wa bale ndiye ankayamba kulowa m'chigafa, ndipo Lamulungu ankaimba besi m'kwaya atavala jekete. Nthenda yake inali imodzi yokha: sankafuna kuti mkazi wake aponde pamene iye sakuona. Kuchigayo ankamuperekeza. Kumaliro ankamuperekeza. Mjigo unali moyang'anizana ndi khonde la mlongo wake wamkulu, a Fainala, amene banja lawo lidatha n'kubwerera kumudzi, ndipo maso awo sankaphethira. M'mawa pochoka, Vincent ankaima pakhomo n'kuyang'ana bwalo limene Lusiya wasesa. Pobwera ankaliyang'ananso.

"Phazi ili n'la ndani, amake Lonjezo?"

Ankafunsa mofatsa, akumwetulira. Akayankhidwa ankagwedeza mutu, n'kudzafunsanso pa chakudya, n'kudzafunsanso m'mawa mwake, mpaka Lusiya mwiniyo ankayamba kukayika ngati linalidi phazi la mayi wogulitsa tomato monga iye anayankhira.

Kutsidya kwa dambo, pamphambano, panali okala ya a Haidari. Bambowa ankagulitsa sopo, mchere ndi parafini, ndipo pansi pa mtengo wa mango ankakonza njinga, zakapalasa ndi zamoto zomwe. Mkazi wawo, Sabiha, anali ndi makina osokera pakhonde la kuseri. Iye ndi Lusiya adadziwana ku sikelo ya ana, Vincent ali panja atakhalira njinga yake kudikira. Sabiha adagwira kadiresi ka Lonjezo, mwana yekhayo wa Lusiya, n'kuyang'anitsitsa chigamba chimene mayi ake adasoka pamanja.

"Dzanja ili likulira makina," adanong'ona. "Uzibwera."

Ndiye Lusiya ankapitadi. Vincent akangonyamuka kupita ku msonkhano wa kalabu ya alimi, kapena ku Kaluluma kukamva za makuponi a fetereza, iye ankabereka Lonjezo, kutenga makheni, n'kutsikira ku nazale ya fodya kudambo. Ankathirira mofulumira, kubisa makheniwo m'nthochi, n'kudutsa m'bango mpaka kuseri kwa okala. Kumeneko ankaphunzira kuponda makina, kudula kolala, kulumikiza mkono wa malaya kuti usakwinyike. Kumeneko ankasekanso, kuseka kwenikweni kwa pakamwa pululu, kumene pakhomo pa Vincent adakuiwala. A Haidari ankamuona akudutsa, koma ankangoweramira pa ntchito yawo. Msewu unkazungulira dambo lonse, pamene kanjira ka m'bango kankadula pakati. Njinga ikalira kumlatho, Lusiya ankasiya nsalu pamakina pomwepo n'kuliyatsa liwiro, mwana akudumphadumpha kumsana. Pamene Vincent ankafika, ankamupeza atasesa kale bwalo, ali phee pamkeka.

Zinayenda choncho mpaka tsiku lina la mu Okutobala. Kunatentha kuyambira m'mawa. Minda inali mbee, mizere yokhayokha yodikira mvula, ndipo akamvuluvulu ankayenda m'chigwamo ngati anthu. Lusiya ankasoka diresi lofiira loti Lonjezo adzavale pa Khirisimasi. Njinga italira anathamanga monga mwa masiku onse, ndipo Vincent anamupeza akuswa mtedza. Anaimika njinga, kuvula chipewa, kunyamula mwana n'kumuseweretsa pang'ono. Kenaka anawerama n'kutola kanthu paphewa pa mkazi wake. Kanali kaulusi kofiira. Anakakulunga pa chala chake pang'onopang'ono.

"M'nyumba mwathu muno muli ulusi wofiira?"

"Mwina kachoka pachitenjechi."

Chitenjecho chinali chobiriwira. Vincent anachiyang'ana, n'kuyang'ananso thukuta limene linali lisanaume pakhosi pa Lusiya. Amene analankhula anali a Fainala, ali pakhonde pawo akupeta.

"Inunso achimwene, mumafika ngati ukwati. Mbuzi ikalowa m'dimba, mwini dimba n'kumabwera akuimba chitini, angaipezemo?"

Loweruka lotsatira Vincent anachoka m'mawa, n'kubwera atakweza a Haidari kumbuyo, chikwama cha masipanala chili pamiyendo. Lusiya atawaona, anasendera kudzawalandira. A Haidari anamulonjera ngati munthu amene akumuona koyamba.

"Muli bwanji, mayi?"

"Tili bwino, kaya inu, bambo?" anayankha atagwada, maso ali pansi.

Anaikankhira njingayo pansi pa mtengo wa mthethe n'kudikira kuti injini izizire. Itazizira, a Haidari anagwada n'kuloza mwaye umene unali utadetsa injini m'mbali mwa paipi.

"Mpweya ukuthawira apa, koma tisalote. Pakhale madzi a sopo ndi chisanza."

"Amake Lonjezo," Vincent anaitana, "bweretsani beseni ndi sopo. Ndipo mukhale pompano mutithandize. Ntchitoyi ikufuna anthu atatu."

Anamuuza kuti anyonyomale kumbuyo kwa njinga, atseke kukamwa kwa paipi ndi chisanza chonyowa, atsindike osasiya. Vincent anaponda kiki. Njinga inabangula, nkhuku zinabalalika, Lonjezo anathawira kwa azakhali ake akulira. Paipi inkanjenjemera m'manja mwa Lusiya, ikutentha pang'onopang'ono, ndipo utsi wosowa kotulukira unkamubwerera m'maso. A Haidari anaviika nthenga ya nkhuku m'beseni n'kumapaka thovu m'mbali mwa paipi, kuyambira ku injini kutsika m'munsi. Pamene paipi imalowa mu injini, thovu linafufuma n'kuphulika. Linafufumanso pansi, pamene paipi imakhota.

"Zimitsani," anatero a Haidari. "Malo ndi awiri. Pamwambapa gasiketi, kamkombero kotseka mpweya, idapsa kalekale. Pansipa dzimbiri ladya kabowo."

Anapukuta manja, ndipo maso awo anadutsa pa Lusiya, amene ankapukuta misozi ya utsi ndi nsonga ya chitenje. Anatsokomola.

"Koma gasiketi ya njinga za mtundu uwu ndilibe, bambo. N'za ku Boma zimenezi. Mwina ndikadzapita kukapikula katundu, mvula ikagwa."

Lusiya anadzutsa mutu n'kuwayang'ana. Koma Vincent anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa kamkombero ka mkuwa kokulungidwa m'pepala, ndi kachitini ka phala lomatira ekizozi.

"Ndidagula kale dzana. Taonani ngati ndi yomweyo."

A Haidari anakatembenuzatembenuza kamkomberoko ngati akufuna kukapezera chifukwa. Kanali komweko.

Manati awiri ogwira paipi ku injini anali atadyedwa ndi dzimbiri. Loyamba linalira n'kumasuka. Lachiwiri linakana. A Haidari anakoka sipanala, linakana. Anakokanso, ndipo bawuti yonse inayamba kupotoka pamodzi ndi natilo.

"Apa m'poopsa," anatero. "Imeneyi ikathyokera m'kati, nzeru zanga zathera pomwepo. Njinga idzakwera lole kuti akaiboole a ku Boma, ndipo kumeneko si kuchedwa kwake."

Lusiya anali akadali pomwepo ndi beseni lake. Mosazindikira anayamba kupemphera chamumtima. Iye amene ankapempherera mvula ndi odwala, tsopano ankapempherera kachitsulo kuti kathyoke. Anayang'ana dzanja la a Haidari. Linali litagwira sipanala, mitsempha itatupa, ndipo linaima. Kukoka kumodzi kwamphamvu kukadakwana, ndipo palibe akadawanena kuti achita dala. Bambowo ankadziwa zimenezo. Lusiya anaona pankhope pawo kuti ankadziwa. Njiwa inalira m'mwamba mwa mthethe. Kenaka dzanja lija linafewa. A Haidari anali asanawonongepo dala chinthu cha munthu chiyambire ntchito yawo, ndipo sakadayambira pa njinga ya Vincent. Anadonthezera oyilo pa natilo, kuligogoda pang'onopang'ono ndi chitsulo, kudikira, kulibweza m'mbuyo pang'ono, kulipititsa patsogolo pang'ono, ngati munthu wonyengerera ng'ombe yokana goli. Nati linamasuka.

Zotsalazo zinayenda msanga. Anasolola paipi n'kutokosa gasiketi yakale ndi sikuludiraiva, ndipo inatuluka zidutswazidutswa ngati makala. Anapala malowo mpaka kuyera, kukhazika yatsopano, kubwezera paipi, n'kumanga manati mosinthanasinthana, ili pang'ono, ilo pang'ono, kuti paipi ikhale mowongoka. Pakabowo paja anakwecha ndi sandipepa, kupaka phala lija, kukulunga ndi kachitsulo kodula ku chitini cha mafuta ophikira, n'kumanga ndi waya zolimba.

Podikira kuti phala ligwire, Lusiya anabweretsa thobwa. Amunawo anacheza za makuponi: kuti chaka chino afika ochepa, kuti mabanja ena agawana thumba limodzi, kuti fetereza akadzafika ku depoti ya ku Kaluluma kudzakhala nkhondo. Kenaka Vincent, akupukusa chikho chake, anafunsa ngati nkhani yongodutsa.

"Mayi kunyumba akusokabe?"

"Akusoka."

"Ndimamva kuti amaphunzitsako ena."

A Haidari anamwa thobwa, n'kupukuta ndevu.

"Ine maso anga amakhala pa njinga, bambo. Za kuseri kwa nyumba n'za amayi."

Vincent anaseka pang'ono, n'kudzuka kukaponda kiki. Njinga inadzuka ndi kamawu kofewa, ngati mphaka wokhuta. A Haidari anapakanso thovu pamalo onse awiri, koma silinafufume. Nkhuku zinapitiriza kujompha pansi. Lonjezo anabwera pafupi n'kugwira tayala.

"Mwamva, amake Lonjezo?" anafunsa Vincent.

"Sindikumva kanthu."

"Eya."

Kuyambira tsiku limenelo Lusiya sanapondenso m'kanjira ka m'bango. Vincent sanamufunsenso za ulusi, sanamukalipire, ndipo sopo ndi shuga ankagula monga kale. Koma tsopano ankatsanzika kuti akupita ku Kaluluma, n'kutulukira posakhalitsa, ati waiwala chipewa. Lusiya ankati akatembenuka pa mtondo, n'kumupeza ataima kumbuyo kwake, njinga ili kale pamthunzi. Nthawi zina ankachokadi tsiku lonse, koma tsiku loterolo ndilo linkatopetsa koposa, chifukwa kukangokhala zii, kwa Lusiya kunkakhala ngati wafika. Tsamba likagwa pa malata ankadzidzimuka. Ku nazale a Fainala anayamba kutsagana naye, ati akufuna kuwongola msana.

Masana ena Vincent anapita kumunda wapansi, njinga itatsala pansi pa mthethe. Lusiya ananyonyomala pambali pake n'kugwira waya uja womanga pakabowo. Anali wolimba, koma ndi mpeni akadatheka. Anakhala choncho, chala chili pa waya, mpaka anazindikira kuti njinga ikadzaliranso, Vincent sadzafunsa a Haidari. Adzafunsa iye, akumwetulira, m'mawa ndi madzulo. Anadzuka, kutenga tsache, n'kufufuta mapazi ake pambali pa njingayo. Dziko lake lonse linatsala bwalo, mjigo ndi khitchini, chonsecho kuchokera pabwalopo chigwa chinkaoneka mpaka kumene thambo limathera, chopanda mpanda ndi umodzi womwe.

Fetereza wotsika mtengo anafika ku Kaluluma mitambo itayamba kusonkhana. Vincent anati mzere wa amayi umayenda msanga kuposa wa abambo, choncho kuponi akaigwire ndi Lusiya. Lusiya anatenga mbereko kuti abereke mwana.

"Ameneyo atsale ndi azakhali ake," anatero Vincent. "Angapse ndi dzuwa."

Anamutsitsa pa depoti, kumuuza kuti adzamutenga dzuwa likapendeka, n'kupita kukafuna mankhwala a fodya. Kunali anthu ngati kumaliro a munthu wolemera. Ena anali atagona pomwepo, ndipo miyala, zidebe ndi masilipasi zinkasungira eni ake malo pamzere. Dzuwa linkaswa mtengo. Amayi ankadandaula, kukankhana, kunenana za yemwe walowerera, koma Lusiya anaima pakati pawo akupuma mpweya wafumbiwo ngati munthu wotuluka m'chipatala. Pamenepo panalibe womuwerenga mapazi.

Wina anamugwira chigongono. Anali Sabiha, atasenza beseni la zitumbuwa.

"Mnzangawe! Ndimayesa adakukwirira!" Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo kuseka kunatha. "Wawonda iwe. Bambo akunyumba tsiku lokonza njinga lija adakana chakudya. Adangoti 'ndaikonza', n'kukakhala okhaokha pansi pa mango. Diresi lija lilipo, sindidalikhudze."

Sabiha anapempha mayi wa kumbuyo kuti asunge malo, n'kumukokera mnzakeyo pambali. Anamulozera lole imene inali itangotsitsa matumba.

"Woyendetsayo ndi mchimwene wanga, Sufiyan. Akubwerera ku Boma wopanda katundu, tsopano lino. Kwera. Dzuwa lisanalowe ukhala uli pakhonde pa mayi ako."

Anayenda mpaka pa loleyo. Sufiyan, mwamuna wamtali wovala kofiya yoyera kumutu, anamvetsera mlongo wake n'kutsegula chitseko osafunsa zambiri. Lusiya anagwira chitsulo cha pachitsekopo. Chinali chotentha. M'kati munkanunkha dizilo ndi makoko a malalanje. M'maganizo mwake anaona kale kwawo: mpanda wa udzu wa mayi ake, mapapaya a kuseri kwa bafa, azing'ono ake akuthamanga kudzamulandira. Phazi limodzi analikweza.

Kenaka anakumbuka kuti Lonjezo phala sadya ngati wina sanaliuzire kaye, ndipo a Fainala analibe mtima woterowo. Ng'ombe zidaperekedwa, mwanayo anali wa kwa Vincent, ndipo akuluakulu a mbali zonse ziwiri akadanena chimodzimodzi. Lusiya ankamudziwa mayi wina amene adachoka m'mudzi mwawomo yekha chotero. Mayiyo ankangomuonera mwana wake pa mpanda wa sukulu, atabisala ngati wolakwa.

Anatsitsa phazi lija.

"Sindingathe," anatero. "Koma achimwene, mukafika kwa Mwase mukafunse a Grey, okhoma zidebe pafupi ndi chigayo. Ndi atsibweni anga, ndiwo ankhoswe. Mukawauze kuti Lusiya akuti abwere, asachedwe."

Lole inanyamuka, ndipo fumbi lake linachedwa kutsika. Lusiya anabwerera pamzere. Pamene Vincent ankafika, anamupeza atakhalira thumba la fetereza, ndipo anamuyamikira kuti ndi mkazi wolimba.

A Grey anabwera mvula yoyamba itagwa, pa njinga yakapalasa, thalauza lili matope okhaokha. Vincent anawalandira ndi manja awiri. Anapha tambala, anawayendetsa m'munda kuwaonetsa fodya wowokera kumene, anawakweza pa njinga yamoto mpaka kumlatho n'kubwerera, a Grey atagwira chipewa n'kumaseka ngati mwana. Atadya anakhala pamthunzi, a Fainala ali chapatali pang'ono ndi lichero la nyemba, ndipo a Grey anaitana Lusiya.

"Uthenga wako udandipeza, ndipo ndasiya ntchito. Lankhula, amuna ako ali pano. Amakumenya?"

"Ayi."

"Amakumana chakudya? Zovala?"

"Ayi."

"Pali mkazi wina?"

"Palibe."

"Nanga chavuta n'chiyani, mwana wa mlongo wanga?"

Lusiya anayang'ana manja ake. Chimene chinkamudya chinalibe chilonda choti aonetse. Akadanena bwanji za mapazi a pabwalo, za funso lobwera mobwerezabwereza likumwetulira, za munthu wongotulukira kumbuyo kwako? Zonsezo zikadatuluka pakamwa, zikadamveka ngati kudandaula kwa mkazi wokhuta. Koma anali atawaitana yekha, ndipo akadapanda kulankhula tsikulo, sakadalankhulanso.

"Ndinkapita kwa Sabiha, mkazi wa a Haidari, kukaphunzira kusoka," anatero. "Ulusi uja unali wa kumeneko. Kulibe mwamuna, kulibe china chilichonse. Ndikufuna ndizipitako masanasana anthu akuona, ndizibwerako ndikuyenda, osati kuthamanga. Ndikufuna ndizitha kupita kuchigayo ndekha. Ndatopa, atsibweni."

A Fainala anasiya kusankha nyemba. Lusiya anadikira mkwiyo, ndipo mwina mkwiyowo ukadamuthandiza, chifukwa a Grey akadauona ndi maso awo. Koma Vincent anapumira m'mwamba n'kumwetulira, nkhope yonse itamasuka ngati munthu amene watula katundu.

"Nkhani yake ndi imeneyi? Kusoka? Amake Lonjezo, bwanji osandiuza? Mkazi wanga azikapempha makina kwa eni ake ine ndilipo? Atsibweni, mundimve pano: makina ndigula. Akhale ndi akeake pakhomo pake pano, asamavutike n'kuwoloka madambo."

A Grey anaomba m'manja.

"Wamva? Amuna oterewa akusowa masiku ano. Anzako akulira mikwingwirima, iwe ukulira makina, ndipo makinawo akubwera."

"Si makina okha, atsibweni..."

Koma a Grey anali atayang'ana kale kumwamba, kumene mitambo inkada chakum'mawa, ndipo anati ulendo ngwautali. Vincent anawamangirira nkhuku ndi mango pa kaliyala, n'kuwaperekeza mpaka kumsewu.

Vincent sanali munthu wonena pawiri. Anagulitsa nkhumba, ndipo posakhalitsa anatulukira pabwalo atamangirira mutu wa makina kumbuyo kwa njinga. Thebulo lake linabwera pa ngolo. Anali makina akale koma olimba, akuda, a maluwa agolide ofufutika. Amayi oyandikana nawo anabwera kudzaona, ena akululutira. Lusiya anawasisita makinawo, ndipo ngakhale mtima unali wolemera, zala zake zinakondwa pazokha.

"Tiwaike pakhonde," anatero. "M'powala."

"Pakhonde pali fumbi, komanso akuba amaona. Alowe kuchipinda."

Anawakhazika kuchipinda chogona, pakati pa bedi ndi matumba a chimanga, pansi pa kawindo kamene theka lake lidatsekedwa ndi katoni. Vincent anafotokozera amayi aja kuti wofuna kusoketsa azisiya nsalu ndi miyeso kwa a Fainala, kuti amake Lonjezo asamasokonezedwe pa ntchito. Anthu atabalalika, Lusiya anatsegula kabokosi ka m'mbali mwa makina. Munali bobini ndi kabotolo ka oyilo, koma singano munalibe.

"Kwa Sabiha ziliko," anatero. "Nditha kungothamangirako..."

"Musavutike. Ndiuzeni mtundu wake, ndidzagula ndekha ndikadzapita ku Kaluluma."

Anamuuza. Vincent anabwereza kuti asaiwale, n'kutuluka kupita kumunda kukaona ngati mbozi zadula fodya.

Lusiya anakhala pampando n'kuika mapazi pa chopondera. Anaponda, ndipo gudumu linazungulira bwinobwino, popanda chosoka. Lonjezo anakwera pamiyendo pake n'kumafuna kuligwira. Posakhalitsa mthunzi unatseka kawindo kaja, ndipo dzanja la a Fainala linalowetsa mtolo wa nsalu.

"Mlamu, ntchito yoyamba iyi. Mathalauza a achimwene a kumunda, onse adang'ambika pakati."

Lusiya anaulandira. Anatsitsa mwana, kuyala thalauza limodzi pabondo, n'kuyamba kusolola ulusi wa msoko wakale ndi mano, kuti singano ikadzabwera idzapeze pokonzeka.